Kuphunzira mawu a Chingerezi m'mabanja: zoyenera kuchita zilembo zikafanana

Ophunzira ambiri amaloweza mawu a Chingerezi limodzilimodzi. Lero *transport*, mawa *export*, mkuja *portable*, lililonse pamzere wakewake m'kope. Pofika nthawi ya mayeso theka laiwalika. Chonsecho mawu atatuwo ali ndi zilembo zinayi zofanana, *port*, ndipo m'mawu onsewo zilembozo zikunena chinthu chimodzi: kunyamula. Mawu ambiri ataliatali amene amazunguza mutu pa mayeso a MSCE, pa fomu ya kubanki kapena m'kalata ya ntchito anamangidwa chonchi, ndi tizidutswa tobwerabwera.

Koma zilembo zofanana zimanamizanso. Liwu lakuti *portion* lili ndi *port* yemweyo, koma limatanthauza gawo, silikhudzana ndi kunyamula. Ntchito tsono ili pawiri: kupeza kachidutswa, kenako kukayesa ngati kali kenikeni. Amene amangochita yoyambayo amalemba mayankho olakwa molimba mtima, ndipo ameneyo ndi wovuta kumuthandiza kuposa amene wangovomera kuti sakudziwa.

Konzani kope limodzi la masamba ambiri, nyuzipepala yakale ya Chingerezi, ndi dikishonale yosonyeza kumene liwu linachokera. Madikishonale akuluakulu ndi ambiri a pa foni amalemba zimenezi pamutu wakuti *origin* kapena *etymology*.

Yambirani pa Chichewa

Palibe wolankhula Chichewa amene analoweza padera mawu akuti phunzira, phunzitsa, mphunzitsi, wophunzira ndi maphunziro. Khutu limangogwira tsinde, zotsalazo n'kuzimva zokha. Luso limenelo ndi lomwe mukufuna kulisamutsira ku Chingerezi, ndiye tsamba loyamba la kope lanu likhale loyerekeza zilankhulo ziwirizi.

Lembani tseka ndi tsekula, pambali pake *lock* ndi *unlock*. Manga ndi masula, *tie* ndi *untie*. Lemba ndi lembanso, *write* ndi *rewrite*. Chooneka, chomveka ndi chodyeka zigwirizane ndi *visible*, *audible* ndi *edible*. Kulitsa, fupikitsa ndi yeretsa ndiwo *enlarge*, *shorten* ndi *purify*. Ubwana, ubwenzi ndi ubwino ndiwo *childhood*, *friendship* ndi *goodness*. Muona kuti zimene ife timachita ndi -ula, -nso, -ka, -tsa ndi u- Angerezi amazichitanso, kungoti nthawi zina chimene ife timaika kumapeto iwo amaika kumayambiriro.

Kusiyana kwakukulu n'kwa mbiri. Tsinde la Chichewa timalimva chifukwa ndi lathu. Matsinde ambiri a Chingerezi ndi obwereka ku Chilatini ndi Chigiriki, moti ngakhale Mngerezi wobadwira ku London sadziwa zimene *spect* kapena *ject* amatanthauza pokhapokha ataphunzitsidwa. Mu 1066 William wa ku Normandy anagonjetsa Angerezi pa nkhondo ya ku Hastings, ndipo kwa zaka pafupifupi 300 Chifalansa ndicho chinkalankhulidwa kunyumba ya mfumu ndi m'makhoti. Chifalansacho chinatuluka m'Chilatini. Tchalitchi ndi masukulu nawonso ankalemba m'Chilatini, ndipo patsogolo pake asayansi akafuna dzina la chinthu chatsopano ankakatola ku Chigiriki. N'chifukwa chake mawu a pakhomo ndi kumunda ali afupiafupi, *house*, *fire*, *milk*, *cow*, pamene a kukhoti, kuchipatala ndi ku ofesi ali ataliatali. Pa ataliataliwa ndi pamene njira iyi imapindula kwambiri.

Liwu lalitali liduleni

Mukakumana ndi liwu lalitali musathamangire dikishonale. Lilembeni ndi zilembo zazikulu, mulidule ndi pensulo. Tengani *unpredictable*. Muduladula motere: *un*, *pre*, *dict*, *able*. Yambani kumasulira pakati, pa tsinde: *dict* ndi kunena. Bwererani sitepe imodzi: *pre* ndi chinthu chisanachitike, ndiye *predict* ndi kuneneratu. Pitani kumapeto: *able* ndi kutheka. Malizani ndi *un*, amene amakana. Zonse pamodzi, chosatheka kunenedweratu, monga kagwedwe ka mvula zaka zino.

Yesani *dehydration*, liwu limene anamwino amalitchula mwana akatsekula m'mimba. *Hydr* ndi madzi, yemweyo wa mu *hydroelectric*, magetsi opangidwa ndi madzi ngati a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa Shire. *De* ndi kuchotsa. *Ation* akungosonyeza kuti liwulo ndi dzina. Kutha kwa madzi m'thupi. Mukatero m'pamene mutsegule dikishonale kuti muone ngati mwalasa.

Tsinde lililonse likhale ndi tsamba lake

Apa ndiye pagona ntchito. Pamwamba pa tsamba lembani tsinde ndi tanthauzo lake, pansi pake muzilembapo mawu a banjalo pamene mukukumana nawo. Musadzaze tsambalo tsiku limodzi. Siyani malo.

Tiyambe ndi *port* uja. *Export* ndi kunyamulira kunja, monga timachitira ndi fodya, tiyi ndi shuga. *Import* ndi kunyamulira m'kati, feteleza ndi mafuta a galimoto. *Transport* ndi kunyamula kuchoka uku kupita uko. *Porter* ndi wonyamula katundu, *portable* ndi chonyamulika. *Deport* ndi kunyamula munthu kumutulutsa m'dziko, liwu limene abale athu opita ku Joni opanda mapepala amalidziwa bwino. *Report* ndi kubwera nayo nkhani kwa amene anakutumani. *Support* ndi kunyamulira pansi, ndiye kuchirikiza. Ngakhale *sport* ndi wa m'banja lomweli: anachokera ku liwu lakale lakuti *disport*, kudzichotsa pa ntchito kuti usangalale. M'munsi mwa tsamba lomwelo jambulani mzere, pansi pake mulembe *port* wina wotanthauza doko, ngati la Beira kapena Nacala. Ameneyu ndiye wa mu *airport*, *seaport* ndi *passport*, chikalata chodutsira padoko. Ndipo *portrait*, chithunzi cha nkhope ya munthu, musamuike pa tsamba limeneli n'komwe. Amadulidwa *por* ndi *trait*, ndipo kwawo ndi ku banja lina limene tilione posachedwa.

*Spect* ndi kuyang'ana. *Inspect* ndi kuyang'ana m'kati, *inspector* ndi woyendera, *spectator* ndi woonerera mpira, *spectacles* ndi magalasi a maso. *Suspect* ndi kuyang'ana munthu cham'munsi, kumukayikira. Mu *expect*, kuyembekezera, chilembo cha *s* chinamezedwa ndi *x*, koma ndi banja lomwelo.

*Ject* ndi kuponya. Jakisoni wathu uja ndi *injection*, kuponyera mankhwala m'kati. *Reject* ndi kuponyera m'mbuyo, ndipo mlimi amene belo lake labwezedwa ku okushoni ku Kanengo safuna kumasuliridwa liwu limeneli. *Eject* ndi kutulutsa mwamphamvu, *project* ndi chimene mwachiponya kutsogolo, ntchito yolinganizidwa. *Tract* ndi kukoka: thirakitala ndi chokokera, *attract* ndi kukokera kwa iwe, *subtract* ndi kuchotsera pa masamu, *extract* ndi kuzula monga dzino, *distract* ndi kukokera maganizo kwina, *contract* ndi chimene chimakokera anthu awiri pamodzi. *Portrait* uja kwawo n'kuno.

*Mit* ndi *miss* ndi tsinde limodzi la nkhope ziwiri, lotanthauza kutumiza. Kawirikawiri mneni amatenga *mit*, dzina n'kutenga *miss*: *admit* ndi *admission*, *permit* ndi *permission*, *submit* ndi *submission*. Amishonale amene anafika ku Cape Maclear mu 1875 ndi ku Blantyre mu 1876 ankatchedwa *missionaries* chifukwa anali otumidwa. *Dismiss* ndi kutumiza munthu kuti azipita, kumuchotsa ntchito. *Remittance* ndi ndalama zimene wachibale amatumiza kumudzi ali kunja.

Ena muwatsegulire masamba nokha. *Dict*, kunena: *dictation*, *contradict*, *verdict*, *dictator*. *Scrib* ndi *script*, kulemba: *describe*, *prescription*, *transcript*, *scripture*. *Vis* ndi *vid*, kuona: *visit*, *revise*, *supervisor*, *evidence*, *video*, ndi *visa*, amene poyamba ankangotanthauza pepala limene laonedwa. *Aud*, kumva: *audience*, *audio*, ndi *auditor*. Womalizayu amadabwitsa, chifukwa odita timamudziwa ngati wofufuza mabuku a ndalama. Kalelo maakaunti ankawerengedwa mokweza iye n'kumamvetsera, dzina n'kukhalira pomwepo.

Matsinde a Chigiriki ndi osavuta chifukwa amangolumikizana awiriawiri. *Bio* ndi moyo, *geo* ndi dziko, *graph* ndi kulemba kapena kujambula, *logy* ndi maphunziro a chinthu, *tele* ndi kutali, *phon* ndi liwu lomveka, *photo* ndi kuwala, *micro* ndi chaching'ono, *scope* ndi choonera. Ndi asanu ndi anayi okhawa mumasula *biology*, *geology*, *geography*, *biography*, *telephone*, *telescope*, *microscope*, *microphone* ndi *photograph*. Wophunzira sayansi amene akuwadziwa amakhala atamva theka la mitu ya m'buku lake asanaliwerenge.

Zidutswa za kumayambiriro

Izi ndi zochepa ndipo zimabwera paliponse, ndiye ndi zokhazo zimene ndingakuuzeni kuti muloweze: *re* ndi -nso kapena kubwerera, *pre* ndi chisanachitike, *post* ndi chitachitika, *ex* ndi kunja, *sub* ndi pansi, *inter* ndi pakati pa, *trans* ndi kuwoloka, *con* ndi pamodzi, *mis* ndi molakwika, *un* ndi *dis* ndi kukana kapena kubweza zimene zinachitika.

Wovuta ndi *in*, pa zifukwa ziwiri. Choyamba, amasintha maonekedwe potengera chilembo chotsatira. Patsogolo pa *l* amakhala *il*, monga mu *illegal* ndi *illiterate*. Patsogolo pa *r* amakhala *ir*, monga mu *irregular*. Patsogolo pa *b*, *m* ndi *p* amakhala *im*, monga mu *impossible* ndi *immature*. Pakamwa pathu pamachitanso zomwezo: timati mbuzi ndi mphepo, koma ndodo ndi nkhuku. Mukazindikira zimenezi simudzasiyanso *l* mmodzi polemba *illegal*, chifukwa mudziwa kuti wina ndi wa kachidutswa, wina ndi wa *legal*.

Chachiwiri, pali a *in* awiri. Wina amakana, monga mu *invisible* ndi *incomplete*. Wina amatanthauza m'kati, monga mu *income*, *inject* ndi *inspect*. Apa kusokoneza kukhoza kuvulaza munthu. Chigubu kapena thanki ikalembedwa kuti *inflammable*, sakunena kuti siyaka. Akunena kuti imayaka msanga, chifukwa liwulo linachokera ku *inflame*, kuyatsa. *Flammable* ndi *inflammable* ndi chimodzimodzi, ndipo chosayaka chimalembedwa *non-flammable*. Momwemonso bwana akalemba kuti ntchito yanu ndi *invaluable* musakwiye, wakuyamikirani: mtengo wake ndi wosawerengeka. Chopanda pake ndi *worthless*.

Manambala nawonso amabwera kumayambiriro. *Uni* ndi chimodzi, *bi* ziwiri, *tri* zitatu, *dec* khumi, *cent* 100. Yunifolomu ndi chovala cha maonekedwe amodzi, *bicycle* ili ndi mawilo awiri, *triangle* ngodya zitatu, *decade* zaka 10, *century* zaka 100. Mwina mufunsa kuti nanga December bwanji ali mwezi wa 12 pamene *dec* ndi khumi. Kalendala yakale ya Aroma inkayamba mu March, ndiye September, October, November ndi December inalidi miyezi ya 7, 8, 9 ndi 10.

Zidutswa za kumapeto

Izi sizinena zambiri za tanthauzo, koma zimakuuzani ntchito ya liwu m'chiganizo. Liwu lothera ndi *tion*, *sion*, *ment*, *ness* kapena *ity* kawirikawiri ndi dzina. Lothera ndi *ous*, *ful*, *less*, *ive* kapena *able* kawirikawiri ndi mfotokozi. Lothera ndi *ise*, *ify* kapena *en* nthawi zambiri ndi mneni. Pa mafunso odzaza mipata, zimenezi zokha zikhoza kukuchotserani ena mwa mayankho olakwa.

Pa tsamba lililonse la tsinde yesani kutambasula liwu limodzi mpaka lithe: *employ*, *employer*, *employee*, *employment*, *unemployed*. Samalani ndi *er* ndi *ee*. Woyambayo ndi wochita, wachiwiriyo ndi wochitiridwa. *Employer* ndi wolemba ntchito, *employee* ndi wolembedwa. *Payer* ndi wolipira, *payee* ndi wolandira, ndiye pa fomu ya kubanki dzina lanu muliike poyenera.

*Ly* amapanga muonjezi, *slow* n'kukhala *slowly*. Koma *friendly* ndi *lovely* ndi afotokozi, ndipo *hardly* satanthauza molimbika. *He works hard* ndi wolimbikira ntchito. *He hardly works* ndi mlesi. Kalata yoyamikira wantchito ikhoza kumuphera mwayi ndi zilembo ziwiri zimenezo.

Yesani liwu musanalilowetse m'banja

A Banda onse si a nyumba imodzi. Musanalembe liwu pa tsamba la tsinde, lifunseni mafunso atatu.

Loyamba: nditachotsa kachidutswaka, chotsalacho chikupezeka m'mawu ena? Chotsani *re* mu *reject*, mutsala ndi *ject*, amene ali mu *inject* ndi *eject*. Wakhoza. Chotsani *re* mu *read* kapena *real*, palibe chanzeru chotsala. Chotsani *un* mu *uncle* kapena *under*, chimodzimodzi. Mu *union* ndi *unit* kachidutswa ndi *uni*, osati *un*.

Lachiwiri: tanthauzo limene ndapezali likukwanira m'chiganizo? *Pedal* ndi *pedestrian* ndi a phazi, wina chopondera njinga, wina woyenda pansi. Koma *paediatric ward* si chipinda cha odwala mapazi, ndi cha ana, ndipo liwulo ndi la Chigiriki. Amereka amalilemba *pediatric*, zimene zimawonjezera chisokonezocho. *Centre*, *recent* ndi *innocent* alibe 100 aliyense m'kati mwawo. *Mistake*, *misuse* ndi *mislead* ndi a *mis* wa kulakwa, sakhudzana ndi *mission*.

Lachitatu ndi la dikishonale: linachokera kuti? Funso limeneli ndilo limagamula. Mawu amene alephera musawataye. Alembeni m'munsi mwa tsambalo pansi pa mzere, chifukwa ndi omwewo amene adzabwere kudzakupusitsani.

Dziwaninso kuti ngakhale a m'banja lenileni ena anapita kutali ndi kwawo. *Important* ndi wa kunyamula ndithu, koma palibe amene angafike pa tanthauzo lakuti chofunika pongodula liwulo. Tsinde limakuthandizani kukumbukira mukadziwa kale tanthauzo, silikupatsani tanthauzo nthawi zonse.

Mawu afupiafupi ali ndi njira yawo

Mawu akale a Chingerezi chenicheni saduka ngati a Chilatini, koma nawonso amayenda m'magulu, ndipo maguluwa amathandiza kwambiri pa kalembedwe. William Caxton anayamba kusindikiza mabuku ku Westminster mu 1476. Kuyambira nthawi imeneyo kalembedwe kanayamba kukhazikika pamene katchulidwe kankapitiriza kusintha, ndiye zilembo zambiri zimene sizimveka lero zinkamveka kale. *K* wa mu *knee*, *knife*, *knot*, *knock* ndi *know* ankatchulidwa. *Gh* wa mu *night*, *light* ndi *right* ankamveka pakhosi. Amene anakhalako ku South Africa akhoza kulimva liwu limenelo m'Chiafrikaans, mmene usiku ndi *nag*, kuwala ndi *lig*.

Chilembo chikakhala chosamveka, funani wachibale wake amene amachitchula. *W* wa mu *two* amamveka mu *twin*, *twice*, *twelve*, *twenty* ndi *between*, onsewo ali ndi ziwiri m'kati. *G* wa mu *sign* amamveka mu *signal* ndi *signature*. *B* wa mu *debt* ali mu *debit*, *p* wa mu *receipt* ali mu *reception*, *c* wa mu *muscle* ali mu *muscular*, *n* wa mu *column* ali mu *columnist*. Lembani awiriawiri, wosamveka ndi womveka, pamzere umodzi.

Magulu ena ali ndi kafungo chabe ka tanthauzo. Ambiri oyamba ndi *sn* ndi a mphuno: *sneeze* kuyetsemula, *sniff* kununkhiza, *snore* kuliza mkonono, *snuff* fodya wa m'mphuno. Oyamba ndi *gl* ambiri ndi a kuwala: *glow*, *glitter*, *gleam*, *glare*. Oyamba ndi *wr* ambiri ndi a kupotokola: *wring* kufinya chovala, *wrist* polumikizira dzanja, *wrestle* kulimbana, *wrinkle* khwinya, ndipo *wrong* poyamba ankatanthauza chokhota. Izi ndi zokumbukirira chabe, si lamulo. *Snake*, *glue* ndi *write* sakuzitsatira.

Gulu limodzi lilibe chifundo, la *ough*. Mu *tough*, *rough* ndi *enough* limamveka af. Mu *cough* limamveka of. Mu *through* limamveka u. Mu *though* ndi *dough* limamveka ngati mu *go*. Mu *thought*, *bought* ndi *brought* ndi o wautali. Mu *plough* ndi *drought*, pulawo ndi chilala, limamveka au. Palibe chinsinsi apa. Agaweni m'timagulu ta katchulidwe, mumvetsere pa dikishonale ya pa foni, muwatchule mokweza mpaka pakamwa pazolowere.

Amapasa osokoneza

Tsegulani masamba a kumapeto kwa kope kuti musungemo mawu osiyana ndi chilembo chimodzi, kapena a zilembo zomwezo zosinthana malo. Kwa ife oyamba ndi a *l* ndi *r*. M'Chichewa zilembo ziwirizi sizisintha tanthauzo la liwu, timangolemba r pambuyo pa e ndi i, kwina konse l. M'Chingerezi zimasintha: *pray* ndi *play*, *grass* ndi *glass*, *road* ndi *load*, *rice* ndi *lice*. Mlendo mukamupatsa womalizayo mwamupatsa nsabwe.

Pa *collect* ndi *correct* tsinde ndilo limapulumutsa. *Lect* ndi kutola kapena kusankha, ndiye *collect* ali pamodzi ndi *select* ndi *elect*, chopereka cha kutchalitchi, kusankhidwira ku sekondale ndi chisankho. *Rect* ndi kuwongoka, ndiye *correct* ali pamodzi ndi *direct*, *rectify* ndi *rectangle*. Mukafuna kunena zotolera, kumbukirani *select*. Mukafuna zokonza, kumbukirani *direct*.

Ena ndi osinthana zilembo: *form* ndi *from*, *quiet* ndi *quite*, *angel* ndi *angle*, *diary* ndi *dairy*, *trial* ndi *trail*, *sacred* ndi *scared*, *marital* ndi *martial*. Kompyuta sigwira zolakwa zotere chifukwa onse ndi mawu oona, ndiye kalata yofunika muziiwerenga ndi chala. Enanso ndi *lose* ndi *loose*, kutaya ndi kukhwepa, *accept* ndi *except*, kulandira ndi kupatulapo, *stationery* ndi *stationary*. Wa *er*, ngati wa mu *paper*, ndiye wa mapepala ndi zolembera, winayo ndi chinthu choima malo amodzi.

Pali kalamulo kamodzi kothandiza pa kalembedwe ka ku Britain, kamene masukulu athu amatsatira: dzina limatenga *c*, mneni amatenga *s*. *Advice* ndi malangizo, *advise* ndi kulangiza. *Practice* ndi *practise*, *licence* ndi *license*, chimodzimodzi. Awiri oyambawo amamveka mosiyana, ndiye muziwagwiritsa ntchito pokumbukira enawo. Foni ikamakusinthirani *colour* kukhala *color* kapena *centre* kukhala *center*, ndiye kuti ili pa Chingerezi cha ku America, chimene Noah Webster anathandiza kukhazikitsa ndi dikishonale yake ya 1828. Isintheni ikhale pa cha ku Britain.

Pa awiri aliwonse lembani chiganizo chimodzi chokhala ndi mawu onse awiri, chonena zinthu za kwanu. Chiganizo chokopera m'dikishonale sichikhalitsa m'mutu.

Kachitidwe ka sabata ndi sabata

Tengani tsinde limodzi kapena awiri pa sabata, osapitirira. Lolemba tsegulani tsamba, mulembe mawu amene mukuwadziwa kale. Masiku otsatirawo tengani nyuzipepala ija ndi pensulo, muzizunguliza liwu lililonse lokhala ndi zilembozo, mulifunse mafunso atatu aja, mulilembe pamwamba kapena pansi pa mzere. Nkhani za kukhoti, za bajeti ndi zotsatsa ntchito ndizo zili ndi mawu otere ambiri. Loweruka tsekani kope, mulembe banja lonselo kuchokera m'mutu pa pepala lina, kenako muyerekeze.

Ngati muli ndi mnzanu wowerenga naye, pikisanani. Wina atchule tsinde, muzisinthana kutchula mawu ndi matanthauzo ake. Wotchula liwu lolowerera, ngati *portion* pa *port*, waluza. Ana a pulayimale musawayambitse ndi Chilatini. Apatseni magulu omveka mofanana ngati *light*, *night*, *fight*, *sight*, ndi awiriawiri ngati *long* ndi *length*, *strong* ndi *strength*, *deep* ndi *depth*, *heal* ndi *health*.

M'chipinda cha mayeso dikishonale kulibe, ndiye funso lachitatu lija silitheka. Mukakumana ndi liwu lachilendo m'ndime, yambani mwayang'ana kumapeto kwake kuti mudziwe ngati ndi dzina, mneni kapena mfotokozi. Kenako funani tsinde, kenako cha kumayambiriro. Tanthauzo limene mwapezalo liikeni m'malo mwa liwulo, muwerenge chiganizocho pamodzi ndi cham'mbuyo ndi chakutsogolo. Ngati tsinde likunena zina ndime n'kumanena zina, tsatirani ndime, ndipo liwulo mukalilembe pansi pa mzere mukafika kunyumba.